Njerwa za Maso Atatu

Munthu amene anamanga nyumba mumzinda uno zaka makumi atatu zapitazo akakuuzani kuti sadziwa a Chikombole, ndiye kuti ngwabodza kapena anamanga ndi makatoni. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi mayi awo owabala, mwinanso akazi awo. Enafe tinkangoti a Chikombole, chifukwa kulikonse kumene ankapita ankakolekera paphewa chikombole chawo choumbira njerwa, ngakhale popita kokameta.

Chikombolecho chinali cha thabwa lolimba, koma chinang'ambika pansi chaka choyamba chomwe. M'malo mogula china, eni ake anachigamba ndi kachitsulo n'kukhomapo misomali itatu. Mitu ya misomaliyo inkasiya timaenje titatu pa njerwa iliyonse, ndipo amisiri omanga anazitcha njerwa za maso atatu. Ukaigwetsa kuchokera pamutu inkangolira ngwee, osasweka. Mmisiri akafika pamalo pomanga n'kupeza njerwa zopanda maso, ankayamba ndi kutukwana mwini nyumba asanavule n'komwe malaya.

A Chikombole anafika kuno ali ndi ndevu zowerengeka, atatsogoza mkazi wawo wapakati, iwo atasenza mphasa, khasu ndi ndowa. Kuno tikukhalaku kunali tchire ndi minda. Mzinda unkaonekera patali, malata ake akunyezimira, ndipo kuti munthu akagule mchere ankayenda mpaka thukuta kutsikira m'miyendo. Mlimi wina wotopa ndi khasu anawadulira puloti yaikulu, moti mnzako akaima kumapeto kwake unkachita kufuula kuti akumve. Dothi lake linali lofiira, lomata, lopanda mchenga. A Chikombole analitapa m'manja, kulilavulira, kulikanya ndi chala, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Amake mwana, tafika," anatero. "Pano sitigona ndi njala."

Njerwa zoyamba zinali za nyumba yawo yomwe, ya zipinda ziwiri, chogona kumbuyo, chochezera kumaso. Pabedi iwo ankagona mbali ya kukhoma, akazi awo mbali ya kukhomo, chifukwa ndiwo ankadzuka kukasamalira mwana. Mwanayo anali wamkazi, ndipo anabadwa yekhayo basi.

Nthawi imeneyo mzinda unali utayamba kufufuma. Kunatsegulidwa fakitale ya sopo, ina ya matumba, kenaka depoti ya mabasi, ndipo anthu anakhamukira kuno ngati ngumbi pa nyali. Wogwira ntchito m'fakitale ankafuna chipinda. Wogulitsa ndiwo kwa wogwira ntchitoyo ankafunanso chipinda, telala wosokera wogulitsa ndiwoyo chimodzimodzi, ndipo zipinda zonsezo zinkayambira pa mapazi a a Chikombole. Ankakumba, kuthira madzi, kuponda matope mpaka m'mawondo, kuwasiya agone, m'mawa mwake n'kuyamba kuumba. Njerwa zikayanikidwa pabwalo, akazi awo ankazifunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Uvuni ukayaka unkafuka masiku atatu, ndipo usanazizire n'komwe ngolo ndi malole zinali zitandanda kale pamsewu.

Anali ndi kakumbidwe kawo kamene ankakanyadira. Sankayambira pamwamba ngati okumba manda. Ankatsikira m'nkhuti, dzenje lija lotapamo dothi, n'kufukula pansi pa khoma la dzenjelo mpaka pakhale mphako yoti munthu n'kubisalamo. Akatero ankakwera pamwamba, kudumphapo kawiri katatu, dothi lonse n'kugumukira pansi lokha. Ntchito ya masiku awiri inkatha dzuwa lisanafike paliwombo.

"Wopusa amakumba ndi msana," ankatero akupukuta thukuta. "Ine ndimakumba ndi mutu."

Poyamba ankakumba kudambo ndi pa zulu za m'tchire, kumene kunalibe mwini. Koma mzinda umadya ukuyenda. Nyumba zimene anaziumbira njerwa zinayamba kuwalondola pambuyo. Chaka chino akumba apa, chaka chamawa apezapo waya waminga ndi chikwangwani. Asunthira uko, nakonso apeza mlonda ndi galu. Tsiku lina anadzuka, kuzungulira kuseri kwa nyumba yawo, n'kuona dothi lofiira lija lili phee, lopanda waya, lopanda galu. Analowa m'nyumba kukatenga khasu.

Akazi awo anaima pakhomo la kuseri atagwira m'chiuno. Anali mayi wochepa thupi koma wapakamwa pakuthwa.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikugwira ntchito. Simukuona?"

"Ndikuona munthu akugulitsa pansi pa mapazi ake. Malo amenewa si athu?"

"Ndiye chifukwa chake ndikukumba. Puloti amayeza m'litali ndi m'lifupi, mayi. Munamvapo kuti wina anayeza kuya kwake? Pepala lathu lidzanena zomwezo ngakhale nditakumba mpaka kukapeza madzi."

Ndikuuzeni, mawu amenewa anawasangalatsa eni ake kwambiri moti ankawabwereza pa bawo, anzawo n'kumawomba m'manja kuti madalawa ndi ophunzira. Akazi awo sanawombe nawo. Anakatenga mbewu za nthochi ndi nsungwi n'kubzala mzere pakati pa nyumba ndi nkhuti, kuti mizu igwire dothi. Anauza amuna awo kuti akumbe mpaka kutopa, koma mzere umenewo asaudumphe. Nthochizo zinabereka, ankazigulitsa pamsewu, ndipo kuyambira pamenepo tinkawatcha mayi a nthochi.

Mzerewo unakhala zaka khumi ndi ziwiri. Kenaka kunabwera kontilakita wina amene ankamanga masitolo pafupi ndi msika waukulu, akufuna njerwa za maso atatu zokhazokha, zambiri kuposa zimene a Chikombole anaumbapo m'moyo mwawo. Dothi la kumunsi kwa puloti linali litatha, kutatsala nsangalabwi. Labwino linali pansi pa nsungwi zija. Anadikira tsiku limene akazi awo anapita kuchipatala kukaona mbale wawo, n'kutenga nkhwangwa. Pobwera mayi a nthochi anapeza nsungwi zili lambalamba, nthochi mizu ili m'mwamba. Sanalire, sanatukwane. Anangokhala pansi pakhomo n'kunena kuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi, koma inu makutu munaumbira njerwa." Sabata yonse anaphika, kupakula, osayankhula.

A Chikombole anakumba mpaka kutatsala mapazi asanu kuti afike pakhoma la chipinda chogona. Anafukula mphako yomaliza, yaikulu, yolowera cha kunyumba. Asanakwere kukadumphapo, njerwa zinakwana. Mphakoyo anaisiya choncho, akuti adzaikwirira akapuma. Mvula inagwa, madzi anadzaza nkhuti n'kuibisa, ndipo amene ankadziwa kuti ilipo anali iwo okha.

Ndiye mzinda unafika. Unafika ndi tala, mapolo a magetsi, mipope ndi maminibasi oimba nyimbo. Malo amene kale ankadulirana ndi chikwanje anasanduka golide. Anansi awo anagulitsa mmodzimmodzi n'kusamuka atavala nsapato zatsopano, ndipo pamene panali timanyumba tawo panaphuka nyumba zosanja zokhala ndi mipanda yaitali. Omanga atsopanowa sankafuna njerwa zootcha, ankamangira mabuloko a simenti opangidwa ndi makina. Posakhalitsa akhonsolo analetsa mauvuni, akuti utsi ukudwalitsa anthu ndipo mitengo yatha. Sanalakwe ayi, mitengo inathadi, ine ndikuchitira umboni. Koma lamulolo linapeza a Chikombole ali ndi imvi, msana utapindika, akudziwa ntchito imodzi yokha pansi pa thambo.

"Musadandaule, mayi," ankatero. "Tsiku lathu likubwera. Puloti yathu ndi yaikulu kuposa onsewa."

Ogula anabweradi. Ankatsika m'magalimoto, kupereka moni mwaulemu, kufunsa pepala. Pepala linkanena zoona, m'litali ndi m'lifupi zonse zinalipo. Kenaka ankati tione malowo, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kumeneko ankangoima kukamwa yasa. Puloti yonse inali chidzenje chakuya anthu atatu atakwerana pamapewa, pansi pali madzi obiriwira, achule, mapepala apulasitiki ndi zinyalala zimene antchito a m'mipanda ija ankaponyamo. Nyumba inali itatsala pa kamtunda kakang'ono, ngati nkhuku yokwera pa mpanda. Wina anati kukwirira dzenje limenelo kungadye zambiri kuposa nyumba imene akufuna kumanga. Wina anaseka n'kufunsa ngati muli nsomba. A Chikombole anaseka nawo, koma galimoto itapita anakhala pa ndowa mpaka dzuwa kupendeka.

Mng'alu unayamba ngati ulusi, pakona ya chipinda chogona, mbali yawo yomwe ya kukhoma. Anaumata ndi dothi, unatsegukanso. Chaka chotsatira munkalowa chala. Chaka chinacho munkalowa dzanja, ndipo m'mawa kuwala kunkadutsa momwemo n'kuwagwera pankhope. Mvula iliyonse inkanyema khoma la nkhuti pang'ono. Mapazi asanu aja anatsala atatu.

Mwezi wa dzuwa loswa mtengo kunabwera mayi wina wa kukhonsolo, atavala chipewa cholimba, atanyamula tepi yoyezera. Anali mwana wamng'ono kuposa mwana wawo, waulemu wake. Anayeza, kujambula mng'alu ndi foni, kusuzumira m'dzenje, n'kupuma mozama.

"Agogo, ndisakubisireni," anatero. "Nyumbayi sipirira mvula ina. Mukakwirira mbali iyi mpaka kufika pamwamba mvula isanagwe, ndidzalemba kuti mukhale. Mukapanda kutero, tidzabwera kudzakutulutsani. Sitingadikire kudzakufukulani."

"Mwana wanga, ofesi yanu ija ya kumsika, yakale ija, munaonapo njerwa zake?"

"Anaigwetsa chaka chatha, agogo."

Lamlungu lotsatira kunabwera mwana wawo. Amasesa m'maofesi pakati pa mzinda, ndipo amakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi ndi ana ake awiri, bambo wa anawo anasowa kalekale. Anakhala pa mphasa, akupotokola nsonga ya nsalu yake, osayang'ana bambo ake m'maso.

"Ndayankhula ndi eni nyumba," anatero. "Akuti munthu mmodzi yekha ndi amene angawonjezereke, ndipo akhale wamkazi. Chipinda mukuchidziwa, ababa, tikayala mphasa chitseko sichitseguka. Amayi ndingawatenge. Inu... mwina kutchalitchi angakupezereni ulonda penapake, malo okhala ndi kanyumba ka mlonda."

Mayi a nthochi anayang'ana pansi. A Chikombole anatembenukira kwa akazi awo. Zaka makumi anayi ndi chimodzi anali asanagonepo pansi pa denga losiyana ndi la mkazi ameneyu, ngakhale sabata ija ya nsungwi. Tsopano zinali poyera: nyumba ikapita, iwo awiri asiyana ali moyo.

"Palibe amene akusamuka," anatero a Chikombole. "Dzenjeli ndinalikumba ndine, ndilikwirira ndine."

Anabwereka wilibala n'kuyamba kusaka dothi. Abale anga, munayamba mwasakapo dothi mumzinda? Paliponse pali simenti, tala kapena mwini. Anatapa m'ngalande za m'mbali mwa msewu, osesa anawathamangitsa kuti akugumula ngalande. Anapita pamene ankakumba maziko a nyumba yatsopano n'kupempha mulu umene unali pambali, foromani anati dothilo lili kale ndi wogula, likupita kokadzala kapinga. Tsiku lina anapeza mulu wofiira kunja kwa mpanda wina, popanda munthu. Atangodzaza theka la wilibala, mlonda anatulukira ndi chibonga.

"Madala, ndinu mbava? Pa msinkhu wanuwu mukuba dothi?"

"Ndi dothi chabe, achimwene."

"Chabe? Khuthulani msanga ndisanaitane abwana!"

Anakhuthula. Munthu amene anatumiza dothi mumzinda uno pa malole kwa zaka makumi atatu anakhuthula theka la wilibala pamaso pa anthu, ana asukulu akuseka. Pobwerera misozi inkatsika yokha, ndipo sanaipukute chifukwa manja onse anali pa wilibala.

Ngakhale zinali choncho sanaleke. Ankabwera ndi phulusa, zigoba, miyala, chilichonse cholemera. Pa sabata zitatu anathira mawilibala amene munthu wamphamvu akanatopa nawo, ndipo dzenje linameza zonse osaonetsa n'komwe kuti ladya. Mapazi anatupa. Akazi awo ankawathowa ndi madzi otentha, akulalata.

"Mudzafera pamsewu inu, ndiye ndidzapindula chiyani? Nyumba ndilibe, mwamuna ndilibe?"

"Ndiye nditani, amake mwana? Ndikhale pansi ndizikuonani mukumanga katundu?"

Mayi a nthochi anangofinya nsalu n'kuiikanso pa phazi.

Kunja kunayamba kutentha kwa chinyontho kuja, mitambo ikuunjikana masana n'kubalalika madzulo. Madzi anafika m'khosi. Ndi masiku amenewo pamene a Chikombole anamva kuti kumsika waukulu akugwetsa mzere wa masitolo akale kuti amangepo sitolo imodzi yaikulu yosanja, ndipo zigumuzo akukazitaya kutali, kunja kwa mzinda. Anapita wapansi n'kukaima pageti. Malole ankatuluka atadzaza, fumbi lili koboo, iwo akukweza dzanja. Tsiku loyamba palibe anaima. Lachiwiri wina anawaponyera chipatso poganiza kuti ndi wopemphetsa. Lachitatu anaima pakati penipeni pa njira, ndipo lole ina inachita kulira mabuleki.

Dalaivala wake anali bambo wonenepa, wa thaulo m'khosi. Anatulutsa mutu pawindo atakwiya.

"Mwatopa nawo moyo, madala? Kafereni kwina, osati pa lole yanga!"

A Chikombole anavula chipewa n'kugwada pafumbi pomwepo. Anafotokoza zonse, za dzenje, za mng'alu, za mayi wa tepi, za akazi awo. Dalaivalayo anamvetsera akukanda chibwano, n'kufunsa kumene amakhala. Atamva kuti ndi pafupi kuposa kotayira, nkhope inamasuka.

"Dzukani, musandigwadire, ndine mwana kwa inu. Mwandichepetsera ulendo. Malo akakhala abwino ndizibwera tsiku lililonse mpaka lidzaze. Kwerani."

Sindikudziwa ngati a Chikombole anasangalalapo m'moyo mwawo ngati mmene anasangalalira pa mpando wa lole imeneyo. Ankaloza nyumba za m'njira n'kumati iyo ndinaumba ndine, sukulu iyo ndine, mpanda uwo ndine. Atafika anatsika lole isanaimitsitse.

"Amake mwana! Tulukani mudzaone! Tapulumuka!"

Mayi a nthochi anatuluka ndi chipande m'manja n'kuima pabwalo la kumaso. Dzuwa linali litangopendeka, kum'mawa kutada bii.

Njira yofikira kudzenje inali imodzi, kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda wa anansi, kongokwana lole. Dalaivala anatsika, kuyenda mpaka kumapeto, kusuzumira pansi, n'kupukusa mutu.

"Apa ayi, madala. Ndikhuthulira pabwalo kumaso kuno, muzituta ndi wilibala."

A Chikombole anayang'ana mulu umene unali pa lole, kuyang'ana mapazi awo otupa, kuyang'ana mitambo. Lole imodzi yokha ikanawatengera sabata ziwiri, ndipo pankafunika malole ambiri. Mvula sikanawadikira.

"Bwana, chonde. Bwererani chambuyo mukhuthulire m'dzenje momwemo, pansi pa khomali. Ndi pamene pakufunika."

"Dothi ili lingapirire lole yodzaza?"

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa ndikamakamba nkhaniyi. A Chikombole ankadziwa. Pansi pa malo amene anaimawo panali mphako ija, anaifukula ndi manja awo, ndipo madzi anali akuikulitsa zaka zonsezi. Ankadziwanso bwino lomwe chimene chimachitika cholemera chikakwera pamwamba pa mphako, poti ndiyo inali ntchito yawo. Koma anaganiza kuti dothi louma ndi lolimba, lole ingoima kamphindi, ndipo akanena zoona munthuyu apita osabweranso. Anamenya pansi ndi chidendene, pansi panalira gu, gu.

"Mwamva? Ngati simenti. Ine dothi ndalipondaponda zaka makumi anayi, achimwene. Ndikati lalimba, lalimba."

Dalaivala anawayang'ana, kuyang'ana imvi zawo, n'kukwera. Lole inayamba kubwerera chambuyo, iwo ali pambali akukodola ndi dzanja. Bwerani. Bweranibe. Pang'ono pokha. Matayala akumbuyo anafika pafupi ndi kona ya chipinda chogona. Bodi inayamba kukwera, zigumu zinayamba kutsetsereka, ndipo a Chikombole anatsegula pakamwa kuti aseke.

Pansi panalira ngati nsalu ikung'ambika. Mng'alu unathamanga kuchokera pa tayala mpaka pa maziko a nyumba. Dalaivala anamva lole ikutitimira kumbuyo, anaponda mafuta, ndipo poti katundu anali atatsika kale, inadumphira kutsogolo n'kupulumuka, ikukhula mpanda wa anansi. Dothi lonse la kuseri linatsika pamodzi, mwa kakumbidwe kawo komwe kaja. Khoma la chipinda chogona linaima kaye lokha kamphindi, ngati likuganiza, kenaka linapendama n'kulondola. Malata analira, fumbi lofiira linakwera mpaka pamwamba pa mipanda.

Fumbi litatsika, chipinda chinali pambalambanda. Bedi linali lendelende, miyendo iwiri m'malere, bulangeti likulendewera kudzenje. Kalendala inali ikadali pakhoma lotsala. Anthu a m'nyumba zosanja anatulukira m'mawindo, ena akujambula ndi mafoni.

Dalaivala anatsika n'kulunjika kwa a Chikombole.

"Mukanandipha, madala! Ndili ndi ana ine! Munkadziwa kapena simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa," anatero a Chikombole, motsitsa.

Bamboyo anafuna kutukwana, koma atayang'ana mayi a nthochi ataima ndi chipande chawo, anatembenuka. Anakwera lole n'kupita, ndipo sanabwerenso.

A Chikombole anatsetsereka ndi matako mpaka pa mulu wa zigumu. Anatola njerwa imodzi ya pa lole, kuipukuta ndi chala chachikulu, n'kuona timaenje titatu. Anatola ina, chimodzimodzi. Anatola ya pakhoma la nyumba yawo, chimodzimodzinso. Masitolo amene ankagwetsawo anali a kontilakita uja, omwe aja a Chikombole anadulira nsungwi. Dothi lawo linali litapita mumzinda, kukagwira ntchito zaka zonsezo, ndipo mzinda utathana nalo unawabwezera lole imodzi. Panalibenso wodziwa kuti njerwa iyi ndi ya sitolo, iyi ndi ya kuchipinda. Anakhala pamenepo n'kulira mokweza ngati mwana, njerwa ili m'manja.

"Kwerani kuno, bambo," anatero akazi awo ali pamwamba. Mawu awo analibe ukali ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa kutukwanidwa. "Kwerani, musandiwonjezere maliro."

Mwana wawo anabwera m'mawa mwake. Katundu wa mayi a nthochi anakwana m'chikwama chimodzi ndi m'ndowa. Poto wamkulu anawasiyira amuna awo, ndi bulangeti lija atalikutumula fumbi. Anawasonyeza pamene pali mchere, pamene pali machesi, pamene pali mankhwala a msana. Mayi wa kukhonsolo anali atatumiza kale uthenga kuti chipinda chotsalacho achokemo pasanathe sabata, ndipo za ulonda uja akutchalitchi anati adikire.

A Chikombole anawaperekeza mpaka pa tala. Minibasi itaima, mayi a nthochi anaika phazi limodzi pakhomo n'kutembenuka.

"Kukazizira muzifunda kumapazi. Ndipo inu mumakonda kugona osafunda mukakhala mbali ya kukhoma..."

Anadukiza pomwepo, atakumbukira kuti khomalo kulibenso. Anayang'anana. Kondakitala anamenya bodi kuti amayi fulumirani, mwana wawo anawakoka dzanja, chitseko chinatsekedwa. A Chikombole anaima mpaka minibasiyo itasowa pakati pa magalimoto ena.

Atabwerera sanalowe m'nyumba. Anatenga chikwanje chakale n'kuyamba kutulutsa njerwa m'dzenje, kuzipala simenti, kuzisanja pabwalo la kumaso. Mumtima ankati akasonkhanitsa zokwanira adzamanganso khoma, mayi wa tepi adzaona, mwina adzasintha maganizo, mwina akazi awo adzabwerera. Ankadziwa kuti palibe pomanga khomalo, koma manja ankafuna chogwira. Pofika masana panali kamulu kofika m'chiuno, maso atatu atatu akuyang'ana kumsewu. Chakudya anali asanalawe chichokereni akazi awo, ndipo m'nyumba munatsala mchere ndi machesi aja basi.

Madontho oyamba a mvula atayamba kugwa pa malata otsala, galimoto yoyera inaima pamsewu. Galasi linatsika. Munali mayi wina wa magalasi akuda, wa m'nyumba zosanja zija.

"Agogo, njerwa zakalezi n'zokongola bwanji! Zingakhale bwino pozungulira maluwa anga. Mukugulitsa?"

A Chikombole anayang'ana kamulu kaja. Anayang'ana bedi limene linali likadali lendelende kuseri, n'kuyang'ana kumene inalowera minibasi. M'mimba munalira. Anaika chikwanje pansi, kupukuta manja pa buluku, n'kuvula chipewa.

"Mukufuna zingati, mayi?"